Matumba a Nsomba pa Intercity

Ntchito yanga yoyamba inali yoperekeza nsomba zamoyo. Ndinaipeza kudzera mwa amayi ena a kutchalitchi kwathu ku Kabwata, chaka chimene kampani ya boma yomwe atate ankagwirako inagulitsidwa. Amayiwo anati mlamu wawo ku Woodlands akufuna mtsikana wosaopa kunyowa.

Mlamuyo anali ba Mulenga, Mbemba wa mawu ochepa, amene kale ankakonza makina a kuchipatala. Kuseri kwa nyumba yawo anamangako matanki a simenti oswetseramo tiana ta nsomba, n'kumagulitsa kwa alimi a madamu. Tsiku loyamba anatenga nsomba yakufa, n'kutukula chivundikiro cha m'mbali mwa mutu kuti ndione makha, timinofu tofiira tondondozana ngati mano a chipeso.

"Nsomba siikumwa manzi, ipuma," anatero.

Anafotokoza kuti madzi amalowa m'kamwa n'kudutsa pamakha, magazi akuyenda molowera kwina kuseri kwa kachikopa kopyapyala, ndipo okosijeni amadutsa pakachikopako kulowa m'magazi. Kenaka anatulutsa chigubu chakale chodzaza timapaipi toonda ngati tsitsi. Anati madokotala akamang'amba mtima, magazi a wodwala amayenda kunja kwa timapaipito, okosijeni m'kati, munthu n'kukhala moyo mapapo ali chete. "Anakopela chabe ku nsomba."

Ulendo ukayandikira, nsomba tinkazimana chakudya kuti zisaipitse madzi m'njira. Tinkalowetsa thumba la pulasitiki m'linzake, kuthiramo madzi osafika theka, kenaka nsomba. Tikafinya mpweya wa m'thumbamo, tinkalowetsa paipi yochokera ku silinda ya okosijeni mpaka thumba litatupa, kupotokola kukamwa, n'kumanga ndi mphira ya chubu. Thumba lililonse linkalowa m'katoni yakeyake.

Tsiku lovuta linali mu Okotobala. Gulu la amayi a ku Petauke linali litakumba damu, ndipo linkadikira mbewu yawo ya nsomba pamsewu ndi ndowa. Ba Mulenga ananditula pa siteshoni ya mabasi ya Intercity m'mawa n'kubwerera. Basi inaoneka yodzaza, injini ikulira.

"Ba sisi, iyenda manje manje!" anatero kondakitala, makatoni anga akukankhidwira m'buti.

Nditakhala pansi ndinaona kuti wokwera watsopano akalowa, wina amadzuka n'kutsika. Ambiri anali anyamata ongokhalira mipando kuti basi ioneke yodzaza, ndipo wa pachiwongolero naye sanali dalaivala, ankangoliza injini. Dzuwa linafika pamutu tisanasunthe. Madzi ofunda sasunga mpweya wambiri, ndipo buti inali pafupi ndi injini.

Ndinapempha kondakitala kuti atsegule.

"Katundu ikangena siichoka, ba sisi."

"Muli vamoyo umo," ndinatero. Ndinaima pakhomo la basi osasuntha, okwera akulephera kulowa, mpaka anatsegula akung'ung'udza.

Makatoni anali otentha. Imodzi inali yonyowa: mwendo wa mbaula ya munthu wina unali utaboola thumba, ndipo linali litaphwa. Tinsomba tinali titadzazana pamwamba pa madzi otsalawo, tikuyasama, makha akuphethira mofulumira. Tina tinali titagona chagada.

Ndinatsitsa makatoni onse n'kuwaika pamthunzi wa khoma. Pafupi panali amayi ena ogulitsa zakumwa zozizira, ba Na Chanda. Anasuzumira m'thumbamo, osafunsa zambiri, n'kukhuthula mabotolo m'beseni mwawo.

"Ikani muno, mwana wanga. Ayezi uyu."

Ayezi sathiridwa m'madzi a nsomba, chifukwa kuzizira kodzidzimutsa nako kumapha. Ndinamukulunga m'chitenje changa n'kuyala pamatumba abwinowo. Za m'thumba lobooka ndinazithira m'beseni, n'kuyamba kutunga madzi ndi kapu n'kumawatsanulira momwemo kuchokera m'mwamba, kuti thovu lilowetse mpweya. Ba Na Chanda anapita kukaimbira ba Mulenga pafoni ya pashopu, ine dzanja osaimitsa. Basi inanyamuka ndikuiona. Mkono umodzi ukafa ndinkasinthira winawo.

Ba Mulenga anafika masana ndi silinda ndi matumba atsopano. Anayoola zakufa ndi kaukonde. Za m'beseni pafupifupi theka zinali zitapita, koma m'matumba enawo munafa zochepa. Tinamanga zonse mwatsopano pomwepo, anthu atatizungulira. Za basi sanandifunse. Anathokoza ba Na Chanda m'Chibemba, ndipo kwa ine anangoti, "Zipumule. Tizayesa futi."

Amayi a ku Petauke anabwerera kwawo ndi ndowa zopanda kanthu tsikulo. Nsomba zawo ndinakazipereka sabata yotsatira, ndipo mmodzi wa iwo sanandiyankhe moni.

Ndinagwira ntchitoyo zaka zingapo. Kuyambira tsiku limenelo, katoni yanga sinkalowa m'buti ndisanaone dalaivala weniweni atagwira chiwongolero. Makondakitala ankandida nazo. Katundu wamoyo amakwera pomaliza n'kutsika poyamba.