Msinkhu wa Rozinya

Tchalitchi chathu ku Milange chinalibe belu. Chinali ndi limu ya lole, chitsulo chimene tayala limakhalapo, yopachikidwa ndi waya panthambi ya mango. Lamulungu m'mawa ankaimenya mwaulemu. Ngo, n'kudikira kuti kulira kwake kuthe. Ngo. Tsiku limene ndikunenali linali Lachitatu, ndipo limu inalira mosalekeza. Ine ndinali pachitsime. Mayi amene anali patsogolo panga anataya chingwe, ndowa yake inagwera m'madzi, ndipo sanasuzumiremo n'komwe.

Ndinali mnyamata wongodziwa kumene kulemba dzina langa, Fabiyau. Pakhomo tinali atatu: ine, anganga amene anabala mayi anga, ndi mlongo wanga Rozinya, khanda. Bambo anatengedwa kumunda ndi anthu amfuti kuti akawasenzere katundu, ndipo sanabwerenso. Mayi anamwalira Rozinya asanatuluke m'chikuta.

Abusa athu, a Eliyasi, anachokera ku Brazil pamodzi ndi akazi awo, Dona Marta. Nawonso anali ndi khanda, dzina lake Davi. Mayi ataikidwa, anganga anayesa phala lamadzimadzi, koma Rozinya ankalavula. Dona Marta anabwera, anakhala pamphasa, anamunyamula n'kumuika kubere. Sanapemphe chilolezo kwa munthu. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali kubereka Rozinya kupita naye kwa abusa m'mawa, n'kukamutenga dzuwa likapendeka.

Abusa akamapita ku Quelimane kukatenga mabelo a zovala, amayi a mumpingo ankawapatsa maluzi. Kwathu munthu wopita kutali timamutuma choncho. Umayeza mwana ndi luzi, kuchokera paphewa kufika m'maondo, kapena phazi lake, n'kudula. Poyamba abusa ankaseka, ankati ali ndi tepi yamanambala. Kenako anazolowera. Ankanyamuka thumba la malaya litatupa ndi maluzi, lililonse lili ndi mfundo zake zodziwira mwini.

Lachitatu limenelo mfuti zinayambira mbali ya phiri la Tumbine. Nditafika kunyumba ndinapeza anganga atamanga kale mtolo. Munali bulangete, mpeni ndi kabotolo ka mbewu ya nandolo. Rozinya anali kwa abusa.

Tinakumana nawo panjira. Galimoto yawo inalibe mafuta. Dona Marta anabereka Davi kumbuyo ndi Rozinya kutsogolo, nsalu ziwiri zitapingasana pachifuwa. Abusa ananyamula sutukesi kudzanja limodzi, kwinako bokosi la akodiyoni imene ankaimbira m'tchalitchi.

Msewu waukulu wa kumalire unali ndi utsi. Tinadzera m'minda ya tiyi imene inali itasiyidwa kalekale, mitengo yake itatalika kuposa munthu. Pakati pa kanjira panagona nkhuku yomangidwa miyendo, yamoyo. Aliyense ankailumpha.

Pamtsinje wa Muloza madzi anandifika pachifuwa. Anganga anandigwira kolala ya malaya mpaka tsidya. Mayi wina anawoloka atasenza makina osokera, ndipo atafika anakhala pansi n'kuyamba kuwapukuta ndi mpango wake. Kumbuyo kwathu limu inali itasiya kulira.

Ku Malawi anatiika pabwalo la sukulu, kenako kumsasa wa othawa nkhondo. Anatipatsa ufa, nyemba ndi pulasitiki yofolera. Mvula itayamba, matenda otsekula m'mimba analowa mumsasa. Kumapeto kwa mizere ya zisakasa kunayamba kuoneka timanda tatifupi.

Mpingo umene unatuma abusa unalamula kuti abwerere kwawo. Iwo ndi Dona Marta anabwera kwa anganga, n'kukhala pansi. Rozinya ankayamwa. Anganga ndi amene anayamba kulankhula.

"Bere likupita. Mwanayu atsala ndi chiyani?"

Abusa anati akanakonda kutitenga tonse awiri. Koma khanda limakwera ndege pamiyendo, pamene ine ndinkafunika mpando wangawanga. Anganga anati ngakhale mpandowo ukanapezeka, ine sindikanapita. Mmodzi apite, mmodzi atsale, ndipo nkhondo ikadzatha adzawabwezere mwana wawo. Abusa anavomera. Ine ndinali nditaima kuseri kwa pulasitiki.

Inu amene munabadwa mfuti zitatonthola mwina mumaganiza kuti ndege imakweredwa ngati basi. Rozinya analibe pepala losonyeza kuti anabadwa. Kunkafunika chithunzi chake ali chiyang'anire, koma iye ankagona wojambula akangokonza makina. Anganga anaitanidwa ku Blantyre kukadinda chala, ndipo ananditenga chifukwa ndinkamva Chipwitikizi pang'ono. Ofesi ina inkatitumiza ku inzake. Tsiku la ulendo linasinthidwa, n'kusinthidwanso. Utoto usanachoke pachala cha anganga, ankafunikanso kukadinda kwina.

Tsiku lina tinafika mpaka kubwalo la ndege. Tinatsanzikana. Kenako tinabwerera limodzi kunyumba ya mbusa wa ku Blantyre amene ankatisunga, chifukwa ndege sinabwere. Madzulo amenewo ndinabereka Rozinya n'kumazungulira naye pabwalo mpaka anagona. Mpweya wake unkanditenthetsa pakhosi. Sindinamutsitse msanga.

Tsiku limene ndege inabwera, katundu anamuika pasikelo ndipo analemera kupitirira muyeso. Abusa anatsegula sutukesi pansi, anthu akuona. Anachotsa mabuku, nsapato, jekete. Sizinakwane. Zotsalamo zinali matewera ndi mankhwala a ana awiri. Anayang'ana matewera, anayang'ana bokosi la akodiyoni. Akodiyoni inatsala ndi mbusa wa ku Blantyre.

Mayi wa pawindo anawerenga mapepala mobwerezabwereza, akuyang'ana khanda lakuda ndi khanda loyera. Pomaliza anati munthu mmodzi, khanda limodzi pamiyendo. Dona Marta anapereka Davi kwa amuna awo, iwo n'kutsala ndi Rozinya.

Asanalowe kumene ife sitinkaloledwa, anganga anasolola luzi m'chiuno mwa nsalu yawo. Anagoneka Rozinya pabenchi, anamuwongola miyendo, anayeza kuchokera paliwombo kufika pachidendene. Anadula luzi ndi mano. Anthu ovala bwino ankatiyang'ana. Dona Marta ankalira. Anganga anakulunga luzi pachala chawo chautoto chija.

Tinaima kuseri kwa waya. Phokoso la ndege linandilowa m'mano. Inathamanga pansi nthawi yaitali ngati sidzadzuka, kenako matayala anasiya nthaka. Ndinaiyang'ana mpaka inachepa ngati udzudzu.

Kumsasa tinakhalako zaka zambiri. Ndinaphunzira sukulu pansi pa mtengo, ndinaphunziranso kuumba njerwa. Nkhani za Rozinya zinkafika mwa apo ndi apo kudzera kwa mbusa wa ku Blantyre uja. Wamera mano. Wayamba kuyenda. Anadwala chikuku koma wachira. Anganga ankasunga luzi lija m'kathumba kamene ankavala m'khosi. Maso awo anachita ng'ala, loyamba lamanzere, kenako linalo. Akamva kamtsikana ka eni ake kakudutsa, ankakaitana, n'kukafunsa kuti kanabadwa nkhondo isanafike kapena itafika kale. Kenako ankakaika dzanja pamutu kuti amve msinkhu wake.

Mtendere utabwera tinawoloka Muloza pamlatho. Anganga ndinawakweza panjinga yobwereka, ine ndikukankha. Pakhomo pathu tinapadziwira mtengo wa mapeyala, chifukwa makoma anali atabwerera kudothi. Tinkaponda pokhapokha pamene mbuzi zaponda, poopa mabomba okwiriridwa pansi. Tchalitchi chinalibe denga, ndipo mkati munamera nsenjere. Limu inali pamalo pake. Nthambi inali itakula n'kumeza waya.

Ndinayamba kumanga nyumba ya zipinda ziwiri. Anganga anayenda m'maziko akupapasa ndi ndodo, n'kunena kuti ndiwonjezere chachitatu. Sindinafunse kuti n'cha ndani. Chipindacho chilipo mpaka lero. Timasungiramo nandolo.

Masiku amenewo ndege zonyamula chimanga ndi mankhwala zinkadutsa kawirikawiri kulowera kumidzi ya mkati. Ikamveka, ndinkaimitsa khasu. Anganga ankatembenuzira khutu kumwamba mpaka ipite.

Abusa anabwera nyengo yootcha njerwa, tikumanganso tchalitchi. Anatsika m'lole ya thandizo imene inkapita ku Molumbo. Dalaivala anati aima pang'ono chabe, atsitse matumba ndi kudya. Tsitsi la abusa linali litayera. Anavala malaya obwereka, manja ake osafika m'zigongono. Ndinayang'ana kumbuyo kwawo, pakhomo la lole, pamwamba pa matumba. Palibe wina anatsika.

Ndinapita nawo kunyumba. Anagwada pamaso pa anganga, ndipo anganga anawapapasa nkhope.

"Mwabwera naye?"

"Ayi, avovo," anayankha abusa, kuwatchula anganga m'Chipwitikizi.

Anafotokoza m'Chinyanja chawo chapang'onopang'ono, chimene chinali chitachita dzimbiri. Rozinya ali pasukulu. Mapepala ake ku Brazil sanathebe. Akatuluka m'dzikolo mwina sadzamulola kulowanso, ndipo kuno alibe pepala lililonse lomudziwa. Dzina langa ndi la anganga amawadziwa, amatitchula popemphera. Chinyanja sadziwa.

Kenako ananena za sutukesi. Anakwera ndege zingapo, akusintha m'mizinda imene ndinali ndisanaimvepo. Ina inachedwa, yotsatira inawasiya, ndipo anagona pamipando nsapato zili kumapazi. Atafika ku Blantyre katundu wa anthu onse anatuluka, koma wawo ayi. Anadikira, anabwererako, pomaliza anauzidwa kuti mwina anapitirira kudziko lina. M'sutukesimo munali zithunzi za Rozinya, kaseti imene anatiimbiramo nyimbo, ndi nsalu imene anasankhira yekha anganga.

"Chindege chonse chija kulephera kusunga sutukesi imodzi," anatero anganga. "Anyamata anjinga a ku Mongue amamanga nkhumba yamoyo pakaliyala, ndipo imafika."

Abusa anaseka, kenako anaphimba nkhope ndi manja.

"Musalire, mwananga. Zithunzizo ndikanaziona ndi chiyani ine? Ingondiuzani. Watalika bwanji?"

Abusa anakweza dzanja kuti asonyeze, n'kukumbukira kuti anganga saona. Anatchula masentimita. Anganga anagwedeza mutu ngati amva, dzanja lili pakathumba ka m'khosi. Aka kanali komaliza awiriwa kukhala pamphasa imodzi.

Lole inaliza hutala, ndipo ndinawaperekeza. Panjira ndinafuna kufunsa zambiri. Ndinangofunsa ngati Rozinya amakonda kulankhula. Anati ayi, amakhala chete n'kumayang'ana anthu, ndipo ali ndi mpata kumano ngati wanga. Ndinatseka pakamwa.

Pa lole dalaivala anati aliyense aike mapepala ake pafupi, chifukwa kutsogolo kuli apolisi. Abusa anasolola kachikwama kamene ankavala mkati mwa malaya, mmene munali pasipoti ndi matikiti akale. Atatsegula anaima. Pansi pake panali ulusi wofiira wolukira majuzi, wokulungidwa ngati dzira la njiwa.

"Marta," anatero. "Anandiuza kuti ichi chokha chisalowe m'sutukesi. Mutu wanga watsala m'ndege, Fabiyau."

Anati m'mawa wa tsiku lonyamuka, Dona Marta anamuvula nsapato Rozinya n'kumuimika pakhoma. Anayeza kuchokera paliwombo kufika pachidendene. Anakana sizasi, anadula ndi mano.

Hutala inaliranso. Abusa anandiika ulusi m'dzanja, anapinda zala zanga pamwamba pake, n'kukwera. Lole inalowa mumsewu wa ku Molumbo, fumbi likuitsatira. Ulusiwo sindinaumasule. Woumasula anali atakhala pamphasa kunyumba.