Nthambi Imene Inatchinga Intaneti ya Kukalabu

Ntchito yanga yoyamba inandipeza kudzera kukhitchini. Azakhali anga ankaphika kukalabu ya pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndiye tsiku lina akupereka chakudya anamva a komiti akudandaula kuti intaneti aika koma woisamalira palibe. Iwo osafunsidwa n'komwe anangoti, "Mwana wa achimwene anga ndi katswiri wa zimenezo." Ukatswiri wangawo unali wokonza mafoni pakhonde la shopu ku Bvumbwe. Koma ndinasita malaya a kutchalitchi n'kupita. Anandilemba mondiyesa kaye, nati adzaona mmene ndagwirira mvula ikatha.

Kalabuyo inali ya anthu okhala m'nyumba za kampani, makalaliki, a kufakitale, aphunzitsi ndi anamwino. Anasonkherana n'kuika wayifayi kuti aliyense azigwiritsa ntchito pamalo amodzi. Padenga panali kambale koyera koyang'ana nsanja ya intaneti imene inali paphiri. Kebulo inkatsika kudzera m'siling'i kufika pa rauta, kabokosi kogawa wayifayi, kuseri kwa kauntala, ndipo pansi pake panali batire yoti izigwira magetsi akathima. Ine yanga inali kusintha pasiwedi, kupukuta fumbi, kuzimitsa ndi kuyatsanso rauta ikasiya kugwira ntchito, ndiponso kuyang'ana timagetsi tinayi ta kumbuyo kwa kambale. Tikayaka tonse, ndiye kuti zinthu zili bwino. Ntchitoyo ndinaikonda. Kwa nthawi yoyamba anthu aakulu ankandiitana kuti "a injiniya", ngakhale ndinkadziwa kuti akundiseka pang'ono.

Mvula itayamba, intaneti inayamba kukwawa. Poyamba tinkanamizira chifunga, poti ku Thyolo chilichonse chikavuta timati ndi chifunga. Koma ngakhale kutacha bwino, kankayaka kagetsi kamodzi kokha. Ndinakwera padenga, n'kugona chafufumimba kumbuyo kwa kambale kuti ndione kumene kakuloza. Kambale ndi nsanja zimayenera kuonana maso ndi maso. Apa n'kuti pakati pawo pali nthambi. Tsidya la munda wa tiyi panali kankhalango, ndipo mtengo umodzi wa malaina unatalika kuposa inzake. Oika kambale anabwera m'chilimwe mtengowo utayoyola masamba, ndiye sanauwerengere. Kankhalangoko kanali manda a anthu othyola tiyi.

Wovutika kwambiri anali Mayi Nakoma, namwino wa pachipatala cha pa esitetipo, amene ankapitiriza maphunziro ake pa intaneti ndipo mayeso omaliza anali Loweruka. Wapampando wa komiti, a Likoswe, anandiitana Lachinayi.

"Nthambi imodzi yokha, mphwanga. Tenga sowo ukadule. Loweruka likafika zinthu zili chonchi, tipeza wina."

Lachisanu m'mawa ndinanyamula sowo n'kudutsa m'tiyi. Amayi othyola anaima, madengu ali kumsana, n'kumandiyang'ana. Wina anafuula, "Achimwene, sowoyo ikupita kuti?" Nditawauza, anati kumanda salowa chilowelowe, ndikaonane kaye ndi a Murowa, mkulu wa adzukulu, amene kale anali kapitawo pomwepo.

A Murowa anamvetsera zanga zonse za nsanja ndi kambale osandidula mawu. Kenako anavula chipewa n'kunditsogolera. M'katimo munalibe chiliza ngakhale chimodzi, mitumbira yambiri inali itafafanizika kale.

"Makolo athu anabwera kuchokera ku Mozambiki manja okha," anatero. "Simenti akanaitenga kuti? Munthu akagona, ankazika mtengo kumutu kwake. Ife tinapitiriza zomwezo."

Ankayenda akutchula mayina, uyu wakuti, uyo wakuti, ngati akundionetsa anthu a pamudzi. Titafika pa malaina uja anaugwira ndi dzanja.

"Awa ndi amake ana anga." Anayang'ana m'mwamba n'kumwetulira. "Inu a Nambewe, mwatalika mpaka mwayamba kuvuta mabwana?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Sindikukuletsa, mwanawe. Koma uwauze wekha zimene wabwerera. Ine ndiima apo."

Ndinaima pamenepo sowo ili m'manja. Ndinkadziwa kuti malaina sauma ndi nthambi imodzi, amaphukanso. Ndinkadziwanso kuti kunyumba ayamba kudalira kamalipiro kanga. Koma ndikanayamba bwanji kuwauza? Ndikanati amayi, pepani, mwaima panjira ya wayifayi? Ndinamva chisoni, ndinamvanso mantha a ntchito yanga, zonse nthawi imodzi. Ndinathokoza a Murowa n'kubwerera.

A Likoswe atamva anangoti, "Takulemba ntchito ya intaneti kapena ya ubusa?" Kuseri kwa kalabu kunali nsanja ya thanki ya madzi, yoima chakumbali ndithu. Ndinamasula kambale ndi sipanala, n'kufukula kebulo yotsala m'sitolo, n'kuilumikiza ndi yakale ija, polumikizapo n'kukulungapo tepi kuti madzi asalowe. Ndinakwera nsanjayo mvula ikuwaza, zitsulo zikuterera, ine amene ngakhale mumtengo wa mango sindikwera. Ndinamanga kambale pachitsulo n'kumakatembenuza pang'onopang'ono, maso ali pa timagetsi. Kamodzi. Tiwiri. Pamenepo panathera, chifukwa nsonga ya nthambi ija inkaonekerabe m'mbali.

Loweruka ndinapempha ena onse kuti azimitse mafoni awo, ndipo Mayi Nakoma anakhala pafupi ndi rauta ndi laputopu yawo. Mayeso ali mkati intaneti inaduka. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, ine mtima uli m'mwamba. Inabwerera yokha. Pomaliza anatseka laputopu n'kupumira m'mwamba. "Zapita. Koma iwe mwana, ukanandipha ndi mtima."

Mayeso anatheka, koma mpira umene a Likoswe ankaonera pa intaneti unkangodukaduka nyengo yonse ya mvula, ndipo munthu saiwala chigoli chimene sanachione. Mvula itatha anandiuza mwaulemu kuti komiti ikufuna munthu womva zonena. Anabwera wina. Posakhalitsa malaina uja unayoyola masamba, intaneti inathamanga ngati kale, ndipo mnzangayo anatamandidwa kuti ndi wodziwa ntchito. Zinandiwawa kwambiri. Azakhali anakhala nthawi osandilankhula bwino, poti ndinawachititsa manyazi pamaso pa mabwana awo.

Masiku ano ndimaika timbale totere m'masukulu ndi m'malo ogona alendo. Anzanga ena pantchitoyi amati ndinapusa, ndipo masiku amene ndinkayenda m'Limbe kusaka ganyu nanenso ndinkaganiza choncho. Nthambiyo ikanaphukanso, ntchito yanga sinaphukenso. Komabe munthu anandivulira chipewa n'kundionetsa mkazi wake, n'kundisiya ndekha ndi sowo, ndipo sindinamuchititse chisoni. Pa zonse za pa esiteti ija, chimenechi ndicho sindinong'oneza nacho bondo.

Tsopano ndisanaboole khoma ndimayang'ana kaye mitengo, n'kuganiza mmene idzaonekere mvula ikagwa. Ikakhala kuti ina ili panjira, sindiyamba ndi kufunsa sowo. Ndimafunsa eni malo kuti mtengowo ndi wa ndani, ndipo ndimadikira yankho lake.