Mfundo Khumi ndi Ziwiri za Amalume

Chinali chingwe cha khonje, chofiira ndi dothi la ku Limbuli, nsonga zake zolumikizana, chokhala ndi mfundo khumi ndi ziwiri zotalikirana mofanana. Amalume, alongo awo a mayi, ankachisunga m'thumba la jekete. Anali mmisiri womanga nyumba, wochokera kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, ndipo sukulu sanaipondeko.

Chilimwe chomwe ndinali Sitandade 3, anandionetsa ntchito yake poyala maziko a khitchini ya mayi. Ine ndinagwira mfundo imodzi. Iwo anawerenga mipata itatu mbali ina n'kukhoma chikhomo, mipata inayi mbali inayo n'kukhomanso. Chingwe chitakungika, pa zala zanga panatuluka kona yowongoka bwinobwino. Ankawerenga m'Chilomwe, mokweza ngati akuitana nkhuku. Kusukulu, mwana akaphonyetsa liwu la Chilomwe ankasekedwa sabata yathunthu, ndipo ine ndinali m'gulu la osekawo.

Nthawi yomweyo aphunzitsi athu, mayi wodekha wovala magalasi, ankatiphunzitsa sikweya ndi thirayango. Tinkajambula ndi timitengo pafumbi, pansi pa mtengo wa mango. Masikweya athu ankatuluka opindika ngati katoni yonyowa. Ndinkafuna kutamidwa, palibenso china. M'mawa wina ndinapisa m'jekete ya amalume iwo akusamba, n'kutenga chingwe chija.

Kusukulu ndinaitana anzanga awiri, tinakunga chingwe, n'kulemba mizere. Aphunzitsi anayesa konayo ndi thabwa lawo lojambulira pabolodi, ndipo zinakwanirana ndendende. Anavula magalasi, n'kuyesanso. Anati mwini chingwechi ndi katswiri, ndimubweretse Lachisanu adzaphunzitse kalasi yonse.

M'maganizo ndinawaona amalume ataima pamaso pa anzanga, mapazi ong'aluka, akuwerenga m'Chilomwe. Kuseka kuja ndinakumva kusanayambe.

"Chilibe mwini, aphunzitsi. Ndinachitola kumsika."

Anandikhulupirira. Anachipachika pa msomali pafupi ndi bolodi, chinakhala cha sukulu.

Kunyumba amalume anagwedeza jekete, anasuzumira pansi pa mphasa, anabwerera mpaka komwe ankamanga. Mayi anandifunsa kawiri, ine ndinangoti sindinachione. Lero ndimadabwa kuti bodza linkandituluka mosavuta chotero.

Patapita masabata awiri, tili panja ndi chingwe chija, ndinaona njinga itaima kuseri kwa mpanda wa sukulu. Anali amalume, thumba la laimu pakaliyala. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana ana akuwerenga mfundo zawo m'Chingelezi. Aphunzitsi anawapatsa moni wa kutali, monga amachitira ndi aliyense wodutsa. Ine ndinazyolika, n'kumakanda pansi ndi chala chakuphazi mpaka njinga inachoka.

Ndinafika kunyumba ndikuyembekeza mkwapulo. Ndinawapeza amalume pakhonde akupota khonje watsopano pantchafu. Sanadzutse mutu.

"Mfundo yachinayi ija yasuntha," anatero. "Kona yanu ikupotoka pang'ono. Aphunzitsi akafuna, ndingabwere Lachisanu ndidzawakonzere."

Ndinayankha kuti chabwino, n'kuthamangira kukasewera. Uthengawo sindinaufikitse. Lachisanu lotsatira amalume anavala malaya awo a kutchalitchi ndipo sanapite kuntchito. Lachisanu linanso anatero. Mvula itayamba anabwerera kwawo ku Mozambique, ndipo tinangomva za maliro awo patapita zaka.

Ndakhala ndikuphunzitsa Sitandade 3 zaka zambiri tsopano. Chaka chilichonse ndimamanga mfundo khumi ndi ziwiri, ndipo ana akafunsa, ndimawauza kuti nzeruyi ndi ya amalume anga. Ndimachita manyazi kuti ndikunena mawu amenewa pamene mwini wake sangawamvenso.

Tsiku lija pakhonde ndinasangalala kuti ndapulumuka mkwapulo, n'kumaganiza kuti amalume akudandaula za mfundo yachinayi. Sindinadziwe kuti munthu wamkulu, wa imvi kumutu, ankapempha mwana wa mlongo wake kuti amulowetseko m'kalasi kamodzi kokha.