Chilimwe Chimene Bambo Anawedza pa Tees

Mayi anga atamwalira, bambo anatsala okha m'nyumba ya ku Nsanje. Mchimwene wanga, yemwe amaphunzitsa pa sekondale ina ku Chikwawa, ankapita kukawaona mwezi ukatha, ndipo akabwerako ankandiimbira foni ndi mawu omwewo: "Achemwali, akuluwa akuonda. Sakudya." Ine ndinali ku Middlesbrough, komwe ndinkagwira ntchito ya unamwino mu wodi ya anthu okalamba. Tinakambirana ndi amuna anga n'kugwirizana zoti bambo abwere adzakhale nafe miyezi ingapo, mwina mtima ungakhale pansi. Viza ya alendo inatuluka, ndipo anafika mu Meyi chaka cha 2018.

Masabata oyamba anali ovuta. Bambo anazolowera kukhala pakhonde, aliyense wodutsa n'kuima kupereka moni. Kuno anthu amadutsa maso ali pansi. Ana anga awiri, atsikana okhaokha, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndiye agogo awo akawafunsa za kusukulu nkhani inkathera panjira. Ine ndikapita ku shifiti, amuna anga ku ofesi, ana kusukulu, bambo ankatsala pampando wa pawindo atavala jekete, chonsecho chaka chimenecho kunatentha modabwitsa, moti kapinga wa m'mapaki anauma n'kufiira ngati kwathu mu Okutobala.

Amene anawatulutsa m'nyumba anali mzungu wa khomo loyandikana nafe, mdala wofedwa mkazi amene anagwira ntchito moyo wake wonse ku fakitale ya zitsulo isanatsekedwe. Loweruka lina m'mawa ankalongedza ndodo zowedzera m'galimoto yake, bambo ataima pageti kumuyang'ana. Ndili kukhitchini ndinawamva akumufunsa, m'Chingerezi chawo cha kumishoni, ngati akukawedza pa madzi odzaza kapena ophwa. Mdala uja anaseka. Anati nyanja iyamba kudzaza chakumasana, ndipo ngati akufuna, malo m'galimoto alipo.

Ine ndinadabwa. Ndinkadziwa kuti ali mnyamata bambo anakhalako ku Beira, ku Mozambique, kwa mlongo wawo wamkulu amene anakwatiwa ndi munthu wogwira ntchito padoko. Koma za kumeneko sankakonda kukamba, chifukwa mlongo wawoyo anafera komweko ine ndisanabadwe. Bambo amene ndinkawadziwa ine anali kalaliki wa pasiteshoni ya sitima, wa malaya oyera ndi cholembera m'thumba. Zoti anagwirapo mbedza sindinkadziwa.

Ndinapita nawo, poopa kuti angaterereke pamiyala. Msewu wake umadutsa m'mbali mwa fakitale yotsekedwa ija, zitsulo zonse zitachita dzimbiri, kenako umakathera pa khoma lalitali la miyala lolowa m'nyanja, pamene mtsinje wa Tees umathira. Mbali ina kuli nyanja ya mafunde, mbali inayo madzi odekha a mtsinje osakanikirana ndi amchere. Madzi akaphwa kumatsala matope ndi mchenga, mbalame zikujompha, ndipo zombo zonyamula makontena zimadutsa pafupi moti anthu a m'menemo umatha kuwaona.

Titangofika bambo anavula nsapato, n'kupinda buluku, n'kutsikira kumadzi. Anatunga ndi dzanja n'kulawa.

"Amchere ndithu," anatero. "Koma ozizira bwanji! A ku Beira ukalowamo umakhala ngati akufunditsira pamoto."

Kuyambira pamenepo pakamwa panatseguka. Anandiuza za mtsinje wa Pungwe, wa madzi a matope, ndi mitengo yomera m'madzi amchere imene mizu yake mumabisala nkhanu. Anati nyengo yotentha nsomba zimakwera ndi madzi odzaza kudzadya m'mphepete, dzuwa likafika pamutu zimabwerera kokuya, ndiye wowedza waulesi amangopsa msana. Ndinkamumasulira mdala wachizungu uja, iye n'kumagwedeza mutu. Anati chaka chimenecho nako kuno madzi afunda msanga, ndipo nsomba zafika pafupi ndi khoma kuthamangitsa tinsomba ting'onoting'ono. Anatilozera pamene mbalame zoyera zinkadziponya m'madzi. Tinsombato tinkalumphalumpha pamwamba ngati usipa.

Anawabwereka bambo ndodo ya mbedza zingapo zomangirira nthenga. Kachipangizo kopota chingwe kanawavuta, chifukwa iwo anazolowera chingwe cha pamanja, ndipo kawiri konse anachisokoneza. Kachitatu anaponya bwino. Posakhalitsa ndodo inapindika, ndipo anavuula nsomba ziwiri nthawi imodzi, za msana wobiriwira wa mizere yakuda, zikuphiriphitha.

"Kalapawu!" anakuwa bambo.

Mdala uja anati kuno amati makerele.

"Muuze kuti ine ndikuti kalapawu," anatero bambo akuseka. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve chimwalirire mayi.

Mu Juni ndi Julaye tinkapita tsiku lililonse limene ndinali pa ofu. Madzi akaphwa, akuluakulu awiriwo ankakumba nyongolotsi m'matope zoti zikhale nyambo, ndipo kumbali ya mtsinje ankagwira nsomba zafulati za maso onse mbali imodzi, zimene bambo ankati Mulungu anazipanga atatopa. Nthawi zina nkhanu zinkamaliza nyambo yonse osagwira kanthu. Tikabwera nazo nsomba, amuna anga ankaziwotcha pambaula kuseri kwa nyumba, ndipo ana anga anaphunzira kuchotsa minga ndi zala monga ankachitira agogo awo. Bambo anayamba kudya. Jekete ija anaisiya. Ndinamutumizira mchimwene wanga uthenga kuti akuluwa abwereramo.

Koma panali zina zimene sindinamuuze. Tsiku lina ndinapeza nsapato zawo mu filiji. Ankafunsa funso limodzi katatu pa chakudya chimodzi. Madzulo ena anandifunsa ngati mayi abwerako kumsika. Ine zimenezi ndimaziona tsiku ndi tsiku kuntchito, ndipo dzina lake ndimalidziwa. Koma kwa bambo anga ndinkati ndi chisoni chabe, ndi dziko lachilendo, zitha.

Kumayambiriro kwa Ogasiti tinapita awiriwiri, mdala uja atapita kukaona mwana wake ku Liverpool. Kunalibe mphepo ngakhale pang'ono, nyanja ili phee, ndipo matope ankanunkha chifukwa cha dzuwa. Bambo anagwira nsomba imodzi yaikulu, n'kuiika mu ndowa. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana ndi nkhope ya mwana amene wachita zabwino.

"Achemwali, taonani. Lero alamu akabwera kudoko sadandaula za ndiwo."

Ndinacheuka kuti mwina pali wina kumbuyo kwanga. Panalibe.

"Bambo, ndine mwana wanu."

"Musandiseke, achemwali. Tiyeni tizipita madzi asanatseke njira ya m'mitengo."

Kuntchito timaphunzitsidwa kuti munthu wotere usamukanize, umutsate kumene wapita. Ndinali nditauzapo ana a anthu ambiri mawu amenewo, ndili ndi yunifomu, mawu osanjenjemera. Tsiku limenelo ndinangonyamula ndowa ija n'kunena kuti, "Tiyeni, achimwene." Anatsogola iwo, akuyenda mwamphamvu ngati mnyamata. Ine ndinkabwera pambuyo, misozi ikutsika, anthu odutsa ndi agalu awo akundiyang'ana. Titafika pagalimoto anaima n'kuyang'ana uku ndi uku. Anandifunsa kuti, "Mwananga, ukulira chiyani?" Ndinati ndi mchere wa m'nyanja walowa m'maso.

Pasanathe masabata awiri anasowa. Amuna anga anabwera kunyumba kuchokera kuntchito masana n'kupeza chitseko chili pululu, ndowa palibe. Anandiimbira ndili pakati pomwetsa odwala mankhwala. Tinazungulira misewu yonse ya m'dera lathu, mdala wachizungu uja naye ndi galimoto yake. Amene anawapeza anali mayi wina wogulitsa mu shopu ya pafupi ndi depoti ya mabasi. Anawaona ataima padzuwa nthawi yaitali, ndowa ili m'manja, akufunsa dalaivala aliyense njira ya kudoko m'Chipwitikizi. Anawalowetsa mkati, n'kuwapatsa madzi, n'kuitana apolisi. Nditafika ndinawapeza atakhala pa kreti ya zakumwa, manyazi atawagwira. "Ndakuvutitsa," anatero.

Dokotala anatsimikiza zimene ndinkadziwa kale, kuti ndi matenda a kuiwala. Chotsatira chinali viza, imene inkatha mu Novembala. Tinapita kwa loya, mayi wachifundo ndithu, amene anatiuza mosabisa kuti malamulo a kuno otengera kholo lokalamba ndi okhwima, ndipo poti kumudzi kuli mwana wina woti n'kuwasamala, tisayembekezere zambiri. Ena a kutchalitchi ankati angokhala basi, ambiri akutero. Amuna anga nawo poyamba ankaganiza choncho. Koma munthu amene amatuluka yekha n'kukathera m'manja mwa apolisi sungamubise, ndipo matenda amenewa amafuna chipatala pafupipafupi. Mchimwene wanga anati iye ndi mkazi wake awatenga ku Chikwawa. Ndinkabwera kuntchito nditasambitsa ndi kudyetsa makolo a eni ake, n'kupeza anga atakhala pawindo, masiku akutha.

Ulendo womaliza wa kumtsinje unali mu Okutobala. Chilimwe chinali chitapita. Mphepo yozizira inkachokera kunyanja, madzi ali bii, ndipo mdala uja anatiuziratu kuti makerele abwerera kokuya mpaka chaka chamawa. Anaponyabe mbedza, koma sizinadye. Patapita nthawi mdala uja anapita kugalimoto kukatenga tiyi, n'kutisiya awiri titabisala kuseri kwa khoma.

Tsiku limenelo mutu wa bambo unali bwino kuyambira m'mawa. Anapota chingwe pang'onopang'ono, n'kuika ndodo pansi.

"Mwananga, ndimakumvani mukamakambirana ndi apongozi angawa."

"Palibe chovuta, bambo. Tikungofuna njira yoti mukhale."

"Usavutike. Mutu wangawu ukudontha ngati ndowa yobooka, ndikudziwa. Tsiku lina ndidzadzuka osakudziwa, ndiye ndidzakhala ndani kuno? Kwathu ngakhale ndiiwale onse, iwo adzandidziwa. Ndiperekeze ndikadali kukuzindikira. Ndikagone pafupi ndi mayi ako."

Anandigwira dzanja, lawo lili lozizira, likununkha nyambo. Mdala uja atabwera ndi tiyi anationa n'kubwerera, ngati waiwala kanthu m'galimoto.

Ndinawaperekeza ndekha. M'ndege anagona pafupifupi njira yonse. Ku Chikwawa mlamu wanga anali atawakonzera chipinda cha pafupi ndi khonde, ndipo madzulo oyamba omwewo anakhala panja, ana a sukulu akudutsa n'kumapereka moni. Ndinakhala nawo sabata imodzi. Tsiku lonyamuka ndinagwada kuti nditsanzike, iwo n'kundifunsa ngati ndikupita kumsika. Ndinati eya. Anati ndisachedwe.

Kuchokera pamenepo anatsika msanga. Pofika Khirisimasi pafoni ankangomvetsera, osadziwa kuti akulankhula ndi yani. Anamwalira mu Malichi, sabata imene mvula yoopsa inasefukiritsa madzi m'chigwa chonse cha Shire. Msewu wa ku Nsanje unaduka, ndipo mtembo sukanatha kudikira. Anawaika m'manda a ku Chikwawa konko. Ine ndinafika mwambo utatha, chifukwa nanenso ndinatsakamira ku Blantyre kudikira kuti magalimoto ayambe kutsika.

Mchimwene wanga ananditengera kumanda. Dothi linali likadali lonyowa, nkhata zitaonongeka ndi mvula. Titapemphera anandipepesa kuti sanathe kuwapititsa kwa mayi. Ndinamuuza kuti palibe amene akanatha.

Pobwerera anandiuza kuti miyezi yomaliza bambo ankauza aliyense wodutsa pakhonde kuti chaka chatha anali ku Beira ndi mlongo wawo, ndipo anapha nsomba zodzaza ndowa. Iye ankawakonza, kuwauza kuti kunali ku Mangalande ndi mwana wawo, koma sankamva.

"Kodi ankawedzadi, achemwali? Kapena nazonso zinali za matenda?"

Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha tsiku loyamba lija, bambo ali osavala nsapato, buluku atapinda, nsomba ziwiri zikulendewera pachingwe. Anaima pakati pa njira n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, akuchikulitsa ndi zala kuti aone nkhope. Kenako anandibwezera foni n'kunena kuti ndimutumizire netiweki ikabwerera, akufuna akachitsukitse.