Sola yamwa madzi a Tadala

Mwaswera bwanji nonse.

Paja bambo a Tadala anaika sola padenga, ija ili ndi tizitsulo kunsi tosandutsa kutentha kukhala magetsi. Akuti ikatentha kwambiri imafooka, ndiye m'mapaipi ake muzidutsa madzi ozizira.

Kuno ku Luveve mipopi yauma masiku anayi. Lero ndaima pamzere kumjigo mpaka dzuwa paliwombo, Tadala ali kumsana, n'kubwera ndi zigubu ziwiri. Ndangolowa kukayamwitsa, potuluka ndapeza injiniya wathu ali pamakwerero, m'zigubu mulibe ngakhale dontho. Akumwetulira, akuti, "Hawu, mayi a Tadala, taonani batire mmene likudzazira!"

Matewera ali mbwee m'beseni, mwana sanasambe. Koma tithokoze, mafoni onse adzaza.

Apongozi, tandilangizani: mawa popita kumjigo ndibereke Tadala kapena solayo?