Seveni Koloko ya ku London

A Goodson Muhiwa anali mesenjala pa ofesi yaikulu ya esiteti yathu ya tiyi kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ine Enid ndinawapeza ali kale pomwepo pamene ndinkabwera kuchokera kwathu ku Ntcheu kudzayamba usekilitale, ndipo tinagwira ntchito limodzi zaka khumi ndi zitatu.

Anabadwira m'malayini a antchito pa esiteti pomwepo. Agogo awo anachita kuwoloka Ruo kuchokera ku Mozambique ndi mphasa pamutu, ndipo mayi awo anatchola tiyi mpaka msana kupindika. Nawonso atalekeza sukulu sitandade 8 anasenza dengu zaka zisanu ndi ziwiri. Chinawachotsa kumunda ndi kusachedwa. Kapitawo wina anauza mabwana kuti pali munthu amene chiyambire ntchito sanaphonyepo kuitana mayina kwa m'mawa, kaya kuli mvula kaya chiperoni, ndiye malo a umesenjala atapezeka anawapatsa.

Pakhoma loyang'anana ndi desiki yanga panali mawotchi anayi, iliyonse ndi dzina pansi pake: Thyolo, Mombasa, London, New York. Eni esiteti anali kampani ya ku London, ndipo masheya ake, timagawo ta umwini wa kampani, ankagulitsidwa pamsika wa kumeneko. Ku Mombasa kunkapita tiyi wathu wina. Ya New York inalipo chifukwa bwana wina wakale anali ndi masheya akeake ku Amereka, ndipo atachoka palibe anaganiza zoitsitsa.

Kupukuta mawotchiwa ndi kusintha mabatire inali ntchito ya mesenjala, koma a Muhiwa sanalekere pomwepo. Anafunsa mabwana, namvetsera mafoni, mpaka zonse anazisunga m'mutu. Ankadziwa kuti Mombasa ili patsogolo pathu ndi ola limodzi chaka chonse. Ankadziwa kuti msika wa London umatsegulidwa 8 koloko yawo, imene kuno imakhala 10 koloko m'miyezi ya dzinja lathu, koma 9 koloko kuyambira kumapeto kwa Malichi, chifukwa Angerezi amakankha mawotchi awo kawiri pachaka. Ankadziwanso kuti Achimereka amakankha awo milungu iwiri kapena itatu Angerezi asanatero, chinthu chimene chinkasokoneza ngakhale anthu a madigiri. Mafoni a m'manja atabwera, mabwana ankathabe kutsegula chitseko n'kufunsa, "A Muhiwa, London atsegula?" Iwo ankayankha osacheuka n'komwe, "Kwatsala teni minitsi, bwana."

Ankanyadira zimenezi. Kumalayini ankawatcha a London, ndipo dzinalo silinkawanyansa. Ankakonda kufotokozera anzawo kuti otchola akamalowa m'munda 6 koloko, eni tiyi amakhala ali m'mabulangete, kwawo kusanache.

Akazi awo, a Teleza, anali wotchola wa pa nyengo, wolembedwa mvula ikayamba n'kuchotsedwa masamba akachepa, chaka ndi chaka. Anali mayi wa pakamwa pakuthwa. Tsiku lina atabweretsa chinangwa chophika ku ofesi anapeza amuna awo ali pampando, akukonza wotchi ya London.

"Akadzuka azungu anuwo," anatero a Teleza, "muwauze kuti sikelo ya ku munda wa kumtsinje ija imadya makilo athu."

"Zimenezo n'za akapitawo, mayi."

"Nanga inu zanu ndi ziti? Kudzutsa anthu amene sakudziwani ndi dzina lomwe?"

A Muhiwa anangoseka, n'kutsika pampando.

Mu Januwale wa chaka chimene ndikunenachi kunabwera alendo awiri ochokera ku London. Anakhala masiku atatu chitsekere mu ofesi ya bwana wamkulu, a Raphael Nyasulu, munthu wa ku Rumphi amene anali atakhala nafe zaka zinayi. Tsiku lachitatu anandiitana n'kundipatsa pepala loti ndisaine. Linkati zimene ndione ndi kumva ndisauze munthu, ngakhale mwamuna wanga. Kenako anandiuza nkhaniyo. Minda ya tiyi ya kumunsi idzazulidwa kuti abzalemo mtedza wa makedemiya, fakitale yaing'ono idzatsekedwa, ndipo anthu mazana atatu ndi makumi anayi adzachotsedwa ntchito.

A Nyasulu anandifotokozera chifukwa chake cha chinsinsi. Nkhani yotha kukweza kapena kugwetsa mtengo wa masheya, malamulo a msika amati imveke kwa onse nthawi imodzi. Kampani idzalengeza ku London 7 koloko m'mawa, msika usanatsegulidwe, Lolemba lomaliza la Malichi. Isanakwane nthawi imeneyo, wa kuno aliyense asamve.

Makalata owachotsa ntchito ndinawatayipa ine, masana, kompyuta nditaitembenuzira kukhoma. Dzina la a Muhiwa linali pa tsamba lachisanu la mndandanda wa ochotsedwa. Ofesi ya masiku ano, anatero alendo aja, sifuna mesenjala.

Pakati pa Febuluwale a Muhiwa anaima pa desiki yanga atavula chipewa, n'kupempha kuti ndiwalowetse kwa bwana. Ndinalowa nawo chifukwa ndinali ndi mafayilo oti asainidwe. Anafotokoza kuti mlamu wawo wawapezera malo pa sukulu ina ya mishoni ku Bvumbwe. Ankafuna munthu wachikulire wokhulupirika, woyang'anira makiyi ndi kuimba belu, ndipo panali ndi nyumba yomwe. Malipiro anali ocheperako, koma anawauza kuti akhoza kugwira mpaka mphamvu zitatha. Yankho linkafunika mwezi usanathe.

"Ndati ndisachite zinthu mobisa, bwana," anatero. "Ndili ndi zaka 54. Ngati pano pali pabwino, ndikhala ndidikire penshoni. Koma ngati mukuona zina, ndiuzeni ngati mwana wanu."

A Nyasulu anayang'ana cholembera chawo kwa kanthawi. Sanali munthu woipa mtima. Koma nawonso anali atasaina pepala lija, ndipo kunena kuti "pitani" kunali ngati kuulula.

"A Muhiwa," anatero, "inu mukachoka, London tiziidziwa bwanji? Pano ndi panu. Musavutike mtima."

Ine ndinali chiimire pambali, mafayilo ali pachifuwa. Kalata yawo inali m'dilowa yanga, masitepe khumi kuchokera pamene anaimapo. Titatuluka anandiyang'ana akumwetulira.

"Mwamva nokha, asisi. Ndikawayankha alamu kuti apatse wina."

Ndikanatha kungoti, "Musafulumire, ganizani kaye." Mawu atatu okha. Koma ndinaganiza za ana anga awiri a ku sekondale ndi pepala ndinasaina lija, ndipo ndinati, "Ndamva, bambo."

Lachisanu lomaliza tsikulo lisanafike, a Nyasulu anaitana a Muhiwa n'kuwatuma kuti auze akapitawo onse: Lolemba kulibe kulowa m'munda, aliyense asonkhane pa bwalo la mpira 9 koloko, kuli uthenga wochokera kwa eni kampani.

"Ayenera kumva nthawi imodzi ndi London," anatero bwana. "Kumeneko 7, kuno 9."

A Muhiwa anatsokomola pang'ono. "Pepani bwana. Lamulungu likubwerali asintha. Seveni ya ku London Lolemba ikhala 8 ya kuno."

A Nyasulu anatenga foni, n'kuyang'ana, n'kugwira pachipumi. Akanachedwa ndi ola lathunthu, ndipo atolankhani ndi a bungwe la antchito akanaimva nkhaniyo pa intaneti iwo asanatsegule pakamwa.

"Mwandipulumutsa, a Muhiwa."

A Muhiwa anatuluka mu ofesimo atatukula mapewa. Anandinong'oneza kuti mwina ndi za makina atsopano a kufakitale, kapena mphatso za okhalitsa pantchito, poti iwo ya zaka makumi awiri ndi zisanu anali asanalandirebe. Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anadzera ku ofesi ali ndi jekete lawo la mapemphero, napempha mlonda kuti awatsegulire, n'kukankha wotchi ya London ndi ola limodzi.

Lolemba kunacha ndi nkhungu. Anthu anadzaza bwalo, amayi atafunda zitenje, ena atanyamula madengu poganiza kuti msonkhano ukatha alowa m'munda. Kuseri kwa sitolo kunaima galimoto ya apolisi. A Muhiwa anaima pansi pa mawotchi aja, ndipo ya London itangofika pa 7 anatuluka n'kukamenya chitsulo choitanira anthu chimene chinkapachikidwa pa mtengo wa mbawa. Kenako anasenza katoni ya makalata kuchokera pa desiki yanga mpaka pabwalo. Sankadziwa zimene zinali m'katimo.

A Nyasulu anawerenga uthenga m'Chingerezi, kalaliki wina n'kumamasulira. Panalibe phokoso lalikulu. Kunangomveka kung'ung'udza, amayi ena akuyankhulana m'Chilomwe, mwana akulira kumsana. Ndiyeno anayamba kuitana mayina motsatira zilembo. Kalaliki ankaitana, a Muhiwa ankasolola envelopu n'kupereka ndi manja awiri. Ambiri anali anthu amene anakula nawo. Ena ankalandira osawayang'ana kumaso.

Atafika pa M, kalaliki anawerenga dzina lotsatira.

"Muhiwa, Goodson."

A Muhiwa anali atasolola kale envelopuyo. Anaiyang'ana, kenako anayang'ana bwana, amene maso ake anali pa mapepala. Anaipinda pakati, n'kuiika m'thumba la malaya, n'kuuza kalaliki kuti, "Pitirizani." Anapereka makalata onse otsala mpaka lomaliza, n'kunyamula katoni yopanda kanthu kubwerera nayo ku ofesi. A Teleza ndi anzawo a pa nyengo sanalandire ngakhale kalata. Anangouzidwa kuti chaka chamawa asadzabwere kudzalembetsa.

Itangopitirira 9 koloko foni ya bwana inalira. Chitseko chinali chotsegula, ndipo ndinamva zonse. Msika wa London unali utatsegulidwa, masheya a kampani anali atakwera, ndipo wa kumeneko ankathokoza kuti zonse zayenda pa nthawi yake. A Muhiwa anali pa benchi lawo la masiku onse pafupi ndi chitseko. Chingerezi ankachimva bwino.

Foni itatha anabwera pa desiki yanga.

"Makalatawa anatayipa ndinu?"

"Eya, bambo."

"Liti?"

"Mu Januwale."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuwerengera masiku. "Ndiye kuti tsiku lija ndinalowa kwa bwana, inali ili momwemu." Analoza dilowa.

"Ndinasaina pepala, bambo. Akanandichotsa."

"Ayi, ndamva," anatero. "Munasaina."

Anatulutsa makiyi a njinga ya ofesi, nawaika pa desiki, n'kutuluka.

M'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Bvumbwe. Anakapeza malo aja atapatsidwa kale kwa munthu wina wopuma usilikali, ndipo mlamu wawo anawalandira ndi mawu oti, "Si munati kwanuko n'kwabwino?" Nyumba ya kumalayini anapatsidwa mwezi umodzi kuti atulukemo. Poti iwo anabadwira pa esiteti, analibe mudzi woti n'kuutchula kwawo. Anapita kwawo kwa a Teleza ku Khwethemule, kukayamba chikamwini ali ndi imvi, pa kamunda ka pamtsetse kamene azichimwene a akazi awo anachita kudula pa munda wawo monyinyirika. Kandalama kamene analandira pochoka kanathera pa njerwa ndi malata a nyumba ya zipinda ziwiri.

A Nyasulu anakwezedwa chaka chomwecho n'kusamukira ku Kenya. Asanapite anandisiyira envelopu yoti ndikapereke kwa a Muhiwa, mmene munali kalata yowachitira umboni kuti ndi munthu wosunga nthawi. Ndinaitumiza kudzera kwa mkulu wa mpingo wawo. Inabwerera isanatsegulidwe.

Ine ndikadali pa ofesi pomwepo. Ana anga anamaliza sukulu, mmodzi ndi namwino ku Thyolo. Anthu akandifunsa ngati ndinachita bwino, ndimati sindikudziwa, ngakhale ndikudziwa.

A Muhiwa ndinawaonanso patapita zaka ziwiri, Loweruka lina masana ku Luchenza. Ndinatsika minibasi ndi thumba la ufa, ndipo anthu a kabaza anandithamangira monga amachitira. Kumapeto kwa mzere wa njinga kunali bambo wachikulire amene sanathamange. Anali atawonda, bondo lakumanja atalikulunga ndi nsanza, koma malaya anali ochapa, opisira bwinobwino. Ndinadutsa enawo n'kukaima patsogolo pawo.

"Muli bwanji, bambo Muhiwa?"

"Tili bwino, kaya inu mayi?"

Anayankha ngati akuyankha munthu wongodutsa. Ndinafunsa za a Teleza, anati akugulitsa nandolo mumsika. Ndinafunsa za bondolo, anati ndi zitunda za ku Khwethemule. Kenako ndinati ndikufuna njinga yondifikitsa pa geti ya esiteti.

Anayang'ana thumba la ufa lija, n'kuyang'ana msewu. Ndiyeno anakodola mnzawo wina wa zaka zapakati amene anaima chapafupi.

"A Blackson, atengeni amayiwa," anatero. "Ndi a ku ofesi, sayenera kuchedwa. Ine ndimapalasa pang'onopang'ono."

A Blackson anamangirira ufa pa kaliyala, ndipo ndinakwera. Tikukhota pa sitolo ya amwenye ndinacheuka. A Muhiwa anali atagwada pansi, akuthandiza mayi wina kumanga miyendo ya nkhuku kuti azikweze pa njinga yawo.