Dzina la Zlata

Amayi anga, a Fruma, ankagulitsa mazira pamsika wa ku Haifa, ku Israeli, ndipo ankaopa chilichonse: galu wa eni ake, wapolisi wapamsewu, ngakhale kulira kwa sitima. Munthu akagogoda mwamphamvu, ankayamba avala nsapato asanafunse kuti ndani. Ine zinkanditopetsa, ndisaname.

Anali ndi mng'ono wawo, Zlata. Analekana mu 1944, tsiku limene Ayuda a m'tauni mwawo ku Ulaya anatsitsidwa m'sitima ya ng'ombe pamsasa wachibalo wa Ajeremani ku Poland. Msilikali analozera amayi mbali ina, Zlata mbali ina, atanyamula khanda la mayi wina amene anali atakomoka. Palibe anamuonanso. Abale ena onse amene anaphedwa amayi ankawayatsira makandulo achikumbutso chaka ndi chaka, koma Zlata ayi. Olemba mayina a ophedwa anabwera kawiri ndi mapepala awo, ndipo kawiri konse anabwezedwa pakhomo.

"Mtembo wake munauona inu?" ankawafunsa choncho.

Kwathu mwana sitimutcha dzina la m'bale wamoyo. Akuluakulu amati mngelo wa imfa akabwera kudzatenga wamkulu angasokoneze n'kutenga wamng'ono. Dzina limadikira mwini wake amwalire.

Mu 1967 ndinabereka mwana wamkazi. Mwamuna wanga Menashe ankayenera kukalengeza dzina ku sunagoge Lachinayi m'mawa. Lachitatu ndinauza amayi kuti mwanayo ndi Zlata.

"Ukufuna kundiphera mng'ono wanga iwe, Tova?"

"Amayi, zaka makumi awiri ndi zitatu. Akanakhala moyo, osalemba ndi kalata yomwe?"

"Mwina ali ku Rasha. Kumeneko kalata situluka."

"Ndiye dzinali lifere m'kamwa mwanu? Inu mukapita, adzamutchulenso ndani?"

"Mayina alipo ambirimbiri, asa," analowererapo Menashe.

"Inu khalani chete, kwanu sikunasowe munthu," ndinamudula.

Pakamwa ndinali wolimba, koma nditayang'ana khandalo mantha anandigwira nanenso. Nanga ngati Zlata analipodi kwinakwake, akudwala, mngelo n'kusochera n'kufika kwathu? Ndine wophunzira ine, zoterezi ndinkaziseka, koma tsiku limenelo mwana sindinamutule pansi.

M'mawa Menashe anaima pakhomo, nsalu yopempherera ili m'khwapa, akutiyang'ana ngati mwana wotumidwa amene waiwala uthenga. Ndinali pafupi kumuuza kuti asankhe lina lililonse. Amayi ndiwo anayankhula, maso ali pansi.

"Pitani mukanene, apongozi. Munene bwino kuti onse amve: Zlata."

Menashe atatuluka, amayi anatenga mpeni, anacheka kolala ya diresi lawo, n'kuing'amba ndi manja monga timachitira tikamva uthenga wa maliro. Kenako anakhala pansi. Alendo anafika ndi makeke ndi vinyo kudzaona mwana, n'kupeza mfedwa. Anangoima m'mbali mwa khoma, osadziwa kuti ayamikire kapena apepese.

"Ndipatse kuno," anatero amayi.

Ndinawapatsa. Anamufungatira nthawi yaitali, khutu lawo lili pachifuwa chake.

"Tova," ananong'ona, "makutu anga atha ntchito. Tamvera iwe. Zlata akupuma?"